Mafunso ndi mayankho: mbiri ya mafakitale a nsalu za ubweya wa nkhosa ku Yorkshire

Ambiri a ife ubweya wa nkhosa tinaudziwira pa kaunjika. Mwina munatolapo jekete lolemera ngati lanyowa, kapena juzi yoyabwa pakhosi, kapena suti imene m'kati mwake munasokeredwa kansalu kolembedwa kuti Huddersfield. Zovala zoterezi zili ndi kwawo, ndipo kwawo kwa zambiri mwa izo ndi chigawo cha Yorkshire, kumpoto kwa England, kumene mizinda ya Leeds, Bradford, Halifax, Huddersfield ndi Dewsbury inakulira pa msana wa nkhosa. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa nkhaniyi ikayambika.

Nkhosa tili nazo kwathu kuno. Bwanji sitimva zoti wina wameta ubweya n'kugulitsa?

Nkhosa zathu za mchira wonenepa zija zili ndi tsitsi lalifupi, lowongoka, lomwe limathothoka lokha. Ndi nkhosa za ndiwo. Zimene zimametedwa ndi mitundu ina, ya ubweya wopotanapotana womwe umangokulirakulira mpaka munthu ataumeta, kawirikawiri kamodzi pachaka. Kupotanako ndiko kumasunga mpweya m'kati mwa nsalu, n'chifukwa chake imafunda bwino. Chinanso, tsitsi lililonse la ubweya lili ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tosanjikizana ngati mamba a chambo. Timambati ndi timene tikufotokoza pafupifupi chilichonse chachilendo chokhudza nsalu imeneyi, monga muonere m'munsimu.

Kuchoka pa nkhosa kufika pa nsalu, pamadutsa ntchito zingati?

Zambiri, ndipo ndalama zili m'ntchito zimenezi, osati pa nkhosayo. Ubweya ukametedwa umasankhidwa, pakuti wa paphewa ndi wosalala kuposa wa m'miyendo. Kenako umatsukidwa kuti muchoke mafuta, thukuta ndi zinyalala, ndipo ukauma umapepuka kwambiri. Mafuta ochotsedwawo ndi amene amatchedwa lanolin, omwe amaikidwa m'mafuta ena odzola. Ku Bradford ankatsuka ubweya wochuluka zedi moti khonsolo ya mzindawo inkatenga mafutawo m'madzi a zonyansa pamalo otchedwa Esholt n'kumagulitsa.

Ukatsukidwa umapesedwa, kupotedwa kukhala ulusi, kenako kuwombedwa: ulusi wina umamangidwa m'litali, wina n'kumadutsa mopingasa, pansi pamwamba, pansi pamwamba, monga momwe timalukira mphasa. Utoto amatha kunyika ubweya usanapotedwe, kapena ulusi, kapena nsalu yathunthu.

Koma nsalu yongochoka powombera imakhala yolekanalekana, yoti ukhoza kuonera dzuwa. Imafunika kuisinja. Apa ndiyenera kuulula zanga. Chaka china mwezi wa June ndinagula juzi yabwino kwambiri pa kaunjika, yobiriwira, yokhuthala. Ndinaiviika m'madzi otentha ndi sopo wa ufa, n'kuifikisa pamwala mwamphamvu monga timachitira ndi jinzi. Itauma inali yoti ingakwane mwana wa sitandade 2, yolimba ngati chipewa. Ndinkayesa kuti wogulitsa uja wandipusitsa, osadziwa kuti ndachita ndi manja anga zimene mafakitale amachita dala. Kutentha, chinyezi ndi kufikisa zimachititsa timamba tija kukolana, ndipo tikakolana sitimasukanso. Nsalu imafupika n'kukhala yothinana, yosalowa mphepo.

Kalekale ntchito imeneyi ankaigwira popondaponda nsalu ndi mapazi m'chibeseni chachikulu. Maina a Angelezi monga Fuller, Walker ndi Tucker anachokera pa ntchitoyi. Sopo wake anali dothi lina lake losuka mafuta, komanso mkodzo wogonera, umene ankachita kutolera khomo ndi khomo. Ikasinjidwa, nsalu inkakokedwa pa mitanda yokhala ndi misomali yokowa kuti iume ili yowongoka, ndipo pomaliza ankaitukula ubweya ndi zitsotso zaminga za chomera china n'kuumeta ndi sizasi kuti pamwamba pasalale.

Pa suti zina pamalembedwa woollen, pa zina worsted. Kusiyana kwake n'kotani?

Zonse ndi za nkhosa, zimasiyana kapesedwe. Ya woollen imachokera ku ubweya waufupi wopalasidwa ndi maburashi a waya, ndiye tsitsi limagona mbali zosiyanasiyana. Ulusi wake ndi wofutukuka, woyenera mabulangete ndi majasi. Ya worsted imachokera ku ubweya wautali wopesedwa ndi zipeso zachitsulo mpaka tsitsi lonse litagona mbali imodzi, lalifupi litachotsedwa. Ulusi wake ndi wosalala, wolimba, ndipo ndi umene matelala amaufuna posoka suti yoti ikasitidwa mzere wa thalauza ukhale chiimire. Dzinali linachokera ku mudzi wa Worstead ku Norfolk, ngakhale kuti ntchitoyo inadzakhazikika ku Bradford.

Nanga England inayamba bwanji kutchuka ndi nsalu zimenezi?

Poyamba siinkatchuka ndi nsalu ayi, inkatchuka ndi ubweya wosakonza. M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 nkhosa zinali mbwee m'dzikomo, ndipo ena mwa alimi akuluakulu anali amonke, monga a ku Fountains ndi Rievaulx, nyumba ziwiri za ku Yorkshire zomwe zinakhazikitsidwa mu 1132. Ubweyawo unkakwezedwa m'zombo kupita ku Flanders, kumene kuli Belgium lero, ndi ku Italy. Kumeneko amisiri a ku Ghent, Bruges, Ypres ndi Florence ankawomba nsalu n'kudzagulitsanso kwa Angelezi omwewo pa mtengo wokwera.

Mfumu Edward III ndiyo imakumbukiridwa poyamba kutembenuza zinthu. Mu 1331 inayamba kuitana owomba nsalu a ku Flanders kuti adzakhazikike ku England, ndipo msonkho waukulu umene inaika pa ubweya wotuluka, ngakhale cholinga chinali kupeza ndalama za nkhondo, unachititsa kuti ubweya ukhale wotchipa kwa owomba a m'dzikomo kuposa kwa akunja. Pang'onopang'ono katundu wotuluka anasintha, kuchoka pa matumba a ubweya kufika pa mipukutu ya nsalu.

Boma silinachite manyazi poteteza malonda amenewa. Kuyambira mu 1660 mpaka mu 1824, kutulutsa ubweya wosakonza kunali kuphwanya lamulo. Mu 1666 anakhazikitsa lamulo lakuti maliro azikulungidwa m'nsalu ya ubweya basi, ndipo pambuyo pake anawonjeza zoti achibale azikalumbira kuti atsatiradi lamulolo. Wolakwa ankalipira chindapusa cha mapaundi 5, ndalama zambiri nthawi imeneyo. Nsalu za thonje zamaluwamaluwa zochokera ku India zitayamba kukopa amayi, Nyumba ya Malamulo inaziletsa mu 1700, n'kukhwimitsanso chiletsocho mu 1721. Anthu omwe pambuyo pake anadzaphunzitsa dziko lonse za ubwino wa malonda opanda zotchinga anayamba atchinga kaye kwawo kwa zaka mazanamazana.

Mpaka lero wotsogolera zokambirana m'nyumba ya House of Lords amakhala pa chimtsamiro chachikulu chofiira chodzaza ndi ubweya, chokumbutsa kumene chuma cha dzikolo chinachokera. Mu 1938 atachitsegula anapeza kuti m'kati mwake munali ubweya wa mahatchi, ndipo anachita kuchidzazanso.

Mafakitale asanamangidwe, nsalu ankawombera kuti?

Pakhomo. M'mapiri ozungulira Halifax nthaka ndi yosabereka, choncho banja linkakhala ndi kamunda, ng'ombe imodzi kapena ziwiri, ndi chowombera nsalu m'chipinda chapamwamba. Ana ankapalasa ubweya, amayi ndi atsikana ankapota, bambo ankawomba. Mukaona nyumba zakale za kumeneko zili ndi mawindo ambiri ondandalikana pamwamba, dziwani kuti ankafuna kuwala koti aonere ulusi. Mpukutu ukatha, bambo ankausenza kapena kuukweza pa hatchi kupita nawo kumsika.

Msika wa ku Halifax wotchedwa Piece Hall ulipobe. Unatsegulidwa pa 1 January 1779, uli ndi tizipinda 315 tozungulira bwalo lalikulu, ndipo malonda ankachitika Loweruka lokha, kwa maola awiri okha. Belu likalira, wagula wagula, wotsala adikire sabata yamawa.

Makina anabwera liti, ndipo anayambitsa ndani?

Vuto linali loti wowomba mmodzi ankamaliza ulusi wa opota angapo. Mu 1733 John Kay wa ku Bury anakulitsa vutoli pamene anapanga kabwato konyamula ulusi kothamanga kokha ukakoka chingwe, moti wowomba ankafulumira kuposa kale, ulusi n'kumasowa. Cha m'ma 1764 James Hargreaves anapanga spinning jenny, yopota ulusi 8 nthawi imodzi. Richard Arkwright analembetsa makina ake opota mu 1769 ndipo mu 1771 anamanga fakitale yoyendera madzi ku Cromford. Samuel Crompton anaphatikiza nzeru ziwirizi mu 1779, ndipo Edmund Cartwright, yemwe anali m'busa wa mpingo, analembetsa makina owomba okha mu 1785.

Ambiri mwa makinawa anayambira pa thonje ku Lancashire ndi Derbyshire. Ubweya unatsalira m'mbuyo chifukwa ulusi wake suchedwa kuduka ukakokedwa mwankhanza. Kupesa ubweya wa worsted ndiko kunavuta kwambiri, ndipo amuna ankapesabe pamanja, ndi zipeso zotenthetsa pa mbaula ya makala m'chipinda chomwecho chogona, mpaka cha m'ma 1850 pamene makina a Samuel Lister, Isaac Holden ndi James Noble anawalanda ntchito m'zaka zochepa chabe.

Munthu amene anasonkhanitsa ntchito zonse za ubweya pamalo amodzi anali Benjamin Gott wa ku Leeds, yemwe anayamba kumanga fakitale ya Bean Ing mu 1792, n'kuikamo injini ya nthunzi. Nkhondo zolimbana ndi France zinamuthandiza, pakuti asilikali ankafuna mayunifolomu ndi mabulangete. Fakitale yake ina ya Armley Mills, imene anaimanganso mu 1805 itapsa, inali m'gulu la zikuluzikulu pa dziko lonse nthawi imeneyo.

N'chifukwa chiyani Angelezi amatchula fakitale ya nsalu ndi dzina lomwe amatchulira chigayo?

Chifukwa zonse zinayamba ndi gudumu lozunguzidwa ndi madzi a mumtsinje. Gudumu lomwe linkazunguza mphero ya tirigu ndi lomwenso, kuyambira m'zaka za m'ma 1100, linkakweza ndi kugwetsa minsi yamatabwa yosinjira nsalu m'malo mwa mapazi a anthu. Dzina lakuti mill linangokakamira, ngakhale madzi atalowedwa m'malo ndi nthunzi, kenako magetsi.

Mitsinje yomweyo ndiyo inakometsa Yorkshire. Madzi otsika m'mapiri a Pennines ndi othamanga komanso ofewa, sopo amachita thovu msanga, ndiye ndi abwino kutsukira ubweya ndi kunyikira utoto. Malasha anali pansi pomwepo. Ngalande yoyendamo mabwato yochokera ku Leeds kukafika ku doko la Liverpool inatha kukumbidwa mu 1816.

Kodi a Luddite, antchito a nsalu amene ankaphwanya makina, anali anthu odana ndi chitukuko, monga ena amanenera?

Ine ndimakana. Amene anatsogolera ku Yorkshire anali ometa nsalu aja, amisiri olemekezeka ndi olipidwa bwino kuposa anzawo. Sizasi yawo inkalemera makilogalamu pafupifupi 20, ndipo munthu ankaphunzira kwa zaka kuti aziyendetsa pa nsalu osaiboola. Makina ometa atabwera, ntchito ya amuna angapo inkagwiridwa ndi munthu mmodzi wopanda luso. Iwo sanathamangire nyundo. Anayamba apita kaye ku Nyumba ya Malamulo kukapempha kuti malamulo akale oteteza ntchito yawo atsatidwe, koma mu 1809 aphungu anangofafaniza malamulowo. Nthawi yomweyo nkhondo inali itatseka misika ndipo buledi anali atakwera mtengo koopsa. Madzi anafika m'khosi.

Kuphwanya makina kunayambira ku Nottingham mu 1811, n'kufika ku Yorkshire chaka chotsatira. Nyundo yawo yaikulu ankaitcha Enoch, dzina la Enoch Taylor, wosula zitsulo wa ku Marsden amene ankapanga nyundozo komanso makina ometawo. Usiku wa pa 11 April 1812 amuna oposa 100 anaukira fakitale ya Rawfolds pafupi ndi Cleckheaton, koma mwini wake William Cartwright anali atagonamo ndi asilikali. Mfuti zinalira, awiri mwa oukirawo anavulala n'kumwalira. Patatha masabata awiri ndi masiku ochepa, pa 28 April, mwini fakitale wina, William Horsfall, anawomberedwa ali pa hatchi pochokera kumsika wa ku Huddersfield, ndipo anamwalira. Boma linali litakhazikitsa kale chilango cha imfa kwa wophwanya makina. Mu January 1813 amuna 17 ananyongedwa ku York.

Kupha Horsfall kunali kulakwa, palibe chobisa. Koma zimene ankaopa zinachitikadi: pasanathe zaka zambiri ntchito ya ometa pamanja inatheratu.

Zoti m'mafakitalemo munkagwira ntchito ana n'zoona?

N'zoona, ndipo mmodzi mwa ana otere tonse timamudziwa. David Livingstone, wobadwa mu 1813, anayamba ntchito ali ndi zaka 10 pa fakitale ya thonje ku Blantyre ya ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ankalowa 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu ya usiku. Blantyre yathu inatchedwa dzina la kamudzi ka fakitale kameneko.

Ntchito yake inali yolumikiza ulusi, yomwenso ana a ku Yorkshire ankagwira. Taganizirani makina aatali ngati holo, okhala ndi ulusi mazanamazana, mbali yake imodzi ikuyenda pa njanji kupita kutsogolo n'kubwerera. Ulusi umodzi ukaduka, mwana azithamangira pomwepo, agwire nsonga ziwirizo, azipotokole ndi zala makinawo asanabwerere. Kwinaku wina waduka kale. Ana ocheperapo ankakwawira pansi pa makina akuyenda kukatola ubweya wogwa. Wosinza ankamudzutsa ndi lamba wa kapitawo. Ambiri anakula ndi miyendo yamatewe chifukwa choimirira tsiku lonse mafupa asanakhwime, ena anasiya zala m'makina.

Mu 1830 Richard Oastler analemba kalata m'nyuzipepala ya Leeds Mercury yodzudzula anthu a ku Bradford kuti amalira ndi ukapolo wa kutsidya kwa nyanja pamene ana a m'mafakitale a worsted pakhomo pawo akukhala ngati akapolo. Kalatayo inautsa mapiri pachigwa. Lamulo la mu 1833 linaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9, linachepetsa maola a ana osakwana zaka 13 kufika pa 48 pa sabata, linalamula kuti aziphunzira maola awiri patsiku, ndipo linakhazikitsa oyendera mafakitale. Oyenderawo analipo anayi, dziko lonse. Mu 1847 kunabwera lamulo la maola 10 kwa amayi ndi achinyamata. Koma mchitidwe woti mwana azigwira ntchito theka la tsiku n'kukawodzera m'kalasi theka linalo unapitirira mpaka lamulo la maphunziro la mu 1918 litauthetsa.

Akuluakulu nawo sanali pa mtendere. M'nyumba zowombera munkachita phokoso loti owomba, omwe ambiri anali amayi, anaphunzira kumvana poyang'anana milomo, ndipo ambiri anakalamba ali ogontha.

Saltaire n'chiyani, ndipo bwanji imatchulidwa kawirikawiri?

Mu 1801 Bradford inali ndi anthu pafupifupi 13,000. Pofika mu 1851 anali atapitirira 100,000. Nyumba zinamangidwa mothinana, zimbudzi zochepa, utsi wa machumuni tsiku lonse, ndipo mu 1849 kolera inapha anthu mazanamazana.

Titus Salt analemera mumzinda umenewu. Mu 1836 anapeza mabelo a ubweya wa alpaca, nyama ya ku Peru, atangounjikidwa m'nyumba yosungira katundu ku Liverpool popanda wowafuna. Anayesayesa mpaka anapeza njira yowombera nsalu yonyezimira ngati silika, ndipo amayi olemera anaikonda. Atakhala meya wa Bradford, anaganiza zosamutsa ntchito yake yonse kupita kunja kwa mzinda, pafupi ndi Shipley, pomwe mtsinje wa Aire, ngalande ndi njanji zimayandikana. Fakitaleyo inatsegulidwa pa 20 September 1853, tsiku lomwe iye ankakwanitsa zaka 50. Munali makina owomba 1,200 ndi antchito pafupifupi 3,000. Pambali pake anamanga nyumba zamiyala zoposa 800, sukulu, chipatala, tchalitchi, mosambira ndi mochapira, nyumba za okalamba ndi paki. Mudziwo anautcha Saltaire, kuphatikiza dzina lake ndi la mtsinje, ndipo misewu ina anaitcha maina a mkazi wake ndi ana ake.

Malo omwera mowa sanalole. Ena amati anali munthu wachifundo, ena amati ankafuna antchito osaledzera, osakhala ndi pokumanira n'kupangana za sitiraka. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zoona. Nyumba zinali zabwino kuposa za ku Bradford, koma mwini nyumba anali bwana yemweyo, ndiye ukayambana naye pantchito, denganso lapita. Amene anakhalapo m'nyumba za kampani pa esiteti ya tiyi kapena ya nzimbe akudziwa kukoma ndi kuwawa kwake.

Fakitaleyo inatsekedwa mu 1986. Chaka chotsatira Jonathan Silver anaigula n'kuisandutsa malo oonetsera zojambula, mashopu ndi maofesi, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linaika Saltaire pa mndandanda wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse.

Nkhosa za ku England zinkakwanitsa kudyetsa makina onsewa?

Ayi. Ubweya wosalala kwambiri ndi wa nkhosa za merino, zomwe dziko la Spain linkaziumira kwa nthawi yaitali osalola kuti zituluke. Zochepa zinafika ku Cape, ku South Africa, mu 1789 kudzera kwa Adatchi, ndipo mu 1797 zina mwa zimenezo zinatengedwa kupita ku Sydney. Kuchokera pamenepo Australia, South Africa ndi New Zealand anasanduka makola a Bradford, ndipo malo odyetserako nkhosazo ambiri analandidwa kwa eni nthaka.

Ubweya wochokera kutali unabweranso ndi imfa. Osankha ubweya, makamaka wa alpaca ndi wa mbuzi za ku Turkey, ankadwala mwadzidzidzi n'kumwalira pasanathe masiku atatu kapena anayi. Madokotala a ku Bradford anadzazindikira kuti ndi nthenda ya anthrax, yolowa m'mapapo kudzera m'fumbi la ubweya wa nyama zodwala.

Ndinamva kuti nsalu zina ankapanga kuchokera ku sanza. Zimatheka?

Zimatheka, ndipo ndi mbali imene imandisangalatsa kwambiri. Cha m'ma 1813 Benjamin Law wa ku Batley anapeza njira yokhadzula zovala zakutha za ubweya m'makina a mano achitsulo mpaka zitabwerera kukhala ubweya, n'kusakaniza ndi watsopano pang'ono, n'kupotanso. Chotulukacho anachitcha shoddy. Pambuyo pake anthu ena anapezanso njira yogayira nsalu zolimba ndi tizidutswa totsala kwa matelala, n'kuchitcha mungo. Batley, Dewsbury ndi Ossett zinasanduka likulu la sanza. Mabelo ankachokera m'maiko ambiri a ku Ulaya n'kumagulitsidwa pa okushoni, ndipo amayi ankakhala tsiku lonse akusankha malinga ndi mtundu ndi kukhuthala, pongokhudza ndi zala. Sanza zosankhidwa bwino sizinkafunanso utoto.

Dzina lakuti shoddy linaipa pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America yoyamba mu 1861, pamene amalonda adyera anagulitsa kwa asilikali mayunifolomu ongoyoyoka mvula ikagwa. Mpaka lero m'Chingelezi mawuwa amatanthauza chinthu chachabechabe. Komatu shoddy ndiye anafunditsa amphawi, popeza bulangete ndi jasi zinatsika mtengo. Ntchitoyi tsopano imachitika kwambiri ku Prato ku Italy ndi ku Panipat ku India, kumene kumachokera mabulangete ambiri otuwa amene mabungwe othandiza amagawa pakagwa ngozi.

Dewsbury yomweyo inkapanganso mabulangete abwino. Aja amavala Abasotho poyamba ankawombedwa ku England, ena mwa iwo ndi kampani ya Wormald and Walker ya ku Dewsbury, ndipo masiku ano amapangidwa ndi kampani ya Aranda ku Randfontein ku South Africa.

Nanga zinatha bwanji?

Sizinagwe tsiku limodzi. Maiko omwe ankagula anamanga mafakitale awo n'kuika misonkho, monga America inachitira mu 1890. Kenako kunabwera ulusi wa mankhwala: polyester anatulukiridwa ku England mu 1941, ndipo pamodzi ndi nayiloni ndi acrylic anatenga msika wa zovala zotchipa, zosavuta kuchapa. Nyumba ndi magalimoto zitayamba kukhala ndi zotenthetsera, jasi lolemera linasiya kufunika tsiku ndi tsiku. Eni mafakitale ambiri anakakamira makina akale pamene anzawo a ku Biella ku Italy ankagula atsopano.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ntchito zomwe Angelezi ankazithawa zinagwiridwa ndi anthu ochokera ku Poland ndi Ukraine, kenako m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 amuna ochokera ku Pakistan, ambiri a m'boma la Mirpur, omwe ankagwira mashifiti a usiku. Mafakitale atayamba kutsekedwa motsatizana m'ma 1970 ndi 1980, mabanja amenewa ndiwo anali oyamba kumva kuwawa. Armley Mills inatsekedwa mu 1971 ndipo lero ndi nyumba yosungiramo zakale.

Otsala alipo ndithu, monga AW Hainsworth ya ku Pudsey yoyamba mu 1783, yomwe imawomba nsalu yofiira ya alonda a kunyumba yachifumu, ndi Abraham Moon ya ku Guiseley yoyamba mu 1837. Amapanga nsalu zodula, ndi antchito ochepa.

Nkhaniyi ikutikhudza pati ife?

Kudzera pa thonje. Azungu asanafike, anthu ambiri ankavala nkhwende ndi zikopa, koma Amang'anja a ku Chigwa cha Shire ankalima thonje, kupota ndi kuwomba okha nsalu yotchedwa machila. Livingstone atadutsako mu 1859 anachita chidwi ndi thonjelo, ndipo diso lake linali la munthu wokulira m'fakitale. Nsalu za makina monga merikani ndi biliwita zitasefukira, luso lowombalo linazilala.

Nkhondo ya ku America itadula thonje lopita ku Lancashire kuyambira mu 1861, eni mafakitale anaphunzira kuti kudalira munda umodzi n'koopsa. Mu 1902 anakhazikitsa bungwe la British Cotton Growing Association ku Manchester kuti lilimbikitse ulimi wa thonje m'maiko olamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo Nyasaland. Ife tinakhala pomwe England inali m'ma 1200: kutumiza mabelo, kugula nsalu.

Titalandira ufulu panali kuyesa kutembenuza zimenezi. Fakitale ya David Whitehead and Sons, dzina lochokera ku Rawtenstall ku Lancashire, inayamba ku Blantyre mu 1967 ndipo inalemba anthu masauzande, kuwomba ndi kudinda zitenje ndi nsalu za yunifolomu kuchokera ku thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima. Ku Zambia, Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inamangidwa ndi thandizo la China n'kuyamba ntchito mu 1982. Malonda atatsegulidwa m'ma 1990, nsalu zotchipa zakunja ndi kaunjika, amene anzathu a ku Zambia amati salaula, zinafooketsa mafakitale onsewa. Ya ku Blantyre inagulitsidwa ku kampani ya Mapeto mu 2003.

Ndikatola juzi pa kaunjika, ndingadziwe bwanji kuti ndi ubweya weniweni?

Yambani mwayang'ana kansalu ka m'kati. Ngati pali chizindikiro cha Woolmark, chooneka ngati mpukutu wa ulusi wa mizeremizere wopindidwa patatu, chomwe chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1964, ndiye kuti ndi ubweya watsopano. Ngati kansaluko kanadulidwa, ifinyeni m'manja n'kuisiya. Ubweya umabwerera wokha osasiya makwinya.

Mukafika kunyumba, sololani kaulusi kumsoko wa m'kati n'kukayatsa ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa kapena nkhuku yowaula, moto umazima wokha, ndipo phulusa lake lakuda limafumbutuka mukalitikita ndi zala. Acrylic amayaka msanga, amasungunuka, n'kusiya kampira kolimba konunkha pulasitiki. Timabowo ta njenjete nato ndi umboni, pakuti njenjete sizidya pulasitiki, koma chovala chotere muchiyanike kaye padzuwa ndi kuchikutumula musanachiike pamodzi ndi zina.

Pochapa, madzi akhale ozizira, sopo pang'ono, kungofinyafinya osafikisa, osapotokola. Muchiyale pa thaulo pamthunzi chigonere, chifukwa mukachipachika pachingwe chili chonyowa chimatalika mapewa. Ngati ndi suti, posita ikani kansalu konyowa pakati pa simbi ndi sutiyo, monga amachitira matelala akale a pakhonde, apo ayi idzayamba kunyezimira m'mawondo ndi m'zigongono.